Madzi, Ulusi ndi Mfundo: Mmene Amapangira Jelo Wobaya Pankhope

Kasirinji kamene dokotala wa ku London, ku Seoul kapena ku Johannesburg amatulutsa m'katoni akafuna kukweza tsaya lolowa kapena kudzaza khwinya la m'mbali mwa kamwa, kawirikawiri kamakhala ka mililita imodzi yokha. Timasirinji tisanu totere ndito tingadzaze kasipuni ka tiyi. M'katimo mumakhala jelo woonekera mkati, ndipo pa magawo 100 alionse a jeloyo, pafupifupi 98 ndi madzi a mchere pang'ono. Kotsalako, mamiligalamu 20 kapena 24, ndiye hyaluronic acid, amene achipatala amangomutchula kuti HA. Ku Britain, mtengo wobayitsa kasirinji kamodzi umafika mapaundi mazana angapo.

Otsatsa jakisoni ameneyu, yemwe amadziwika ndi dzina loti dermal filler, amakonda kunena kuti palibe choopa chifukwa HA ali kale m'thupi la munthu aliyense. Sakunama, koma nkhaniyo amaidulira panjira. HA wa m'thupi mwathu atamubaya pankhope mmene alilimo sangakhale ndi sabata yomwe. Amene ali m'kasirinji ndi wosinthidwa dala m'fakitale kuti thupi lichedwe kumugaya, ndipo luso lonse la opanga lagona pa funso limodzi: amusinthe kufika pati kuti akhalitse, koma chitetezo cha m'thupi chisamuone ngati mdani? Munthu akamvetsa mmene amaliyankhira funsoli, amamvetsanso chifukwa chake jelo wina ndi wodalirika pomwe wina, wooneka chimodzimodzi ndi maso, angawononge nkhope.

HA ndi wa m'gulu la shuga, ngakhale satsekemera. Ndi ulusi wautali kwambiri wopangidwa ndi timashuga tiwiri, glucuronic acid ndi N-acetylglucosamine, tolumikizana mosinthanasinthana maulendo zikwizikwi. Karl Meyer ndi John Palmer anamupeza mu 1934 pa Columbia University ku New York, m'madzi onanda a m'kati mwa diso la ng'ombe. Munthu wolemera makilogalamu 70 amakhala naye wokwana magalamu pafupifupi 15. Theka lake lili pakhungu, ndipo wina ali molumikizana mafupa ndi m'maso. Ntchito yake ndi kugwira madzi, kufewetsa ndi kutereretsa. Koma thupi silimusunga. Tsiku lililonse limagaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu n'kupanga wina watsopano, ndipo pakhungu theka lake limakhala litatha m'tsiku limodzi kapena awiri. Chimene chimamudula ndi enzyme yotchedwa hyaluronidase. Dzina limeneli mulisunge, tidzalifunanso.

HA asanabwere, anthu anavutika kwambiri ndi zobaya pankhope. Mu 1899 dokotala wa ku Vienna, Robert Gersuny, anayamba kubaya odwala mafuta a mtundu wa vaselini, ndipo posakhalitsa ena anayamba kubaya phula la mtundu wopangira makandulo. Phulalo linkasuntha, n'kupanga zotupa zolimba zosachotseka. Silikoni wamadzi anachitanso zomwezo kwa ambiri. Mu 1981 bungwe la FDA ku America linavomereza Zyderm, collagen wochokera ku chikopa cha ng'ombe. Ameneyu anali wabwinoko, koma munthu ankayenera kuyezedwa kaye pamkono n'kudikira milungu inayi, chifukwa pafupifupi anthu 3 mwa 100 thupi lawo linkamukana, komanso ankatha pa miyezi itatu kapena inayi. HA anapambana chifukwa ulusi wake ndi wofanana ndendende mwa munthu, mwa nkhuku ndi mwa bakiteriya, choncho thupi lilibe chifukwa choukanira.

Endre Balazs, wasayansi wobadwira ku Hungary, ndiye anatha zaka zambiri akufunafuna njira yomuyeretsera kuchokera ku kamnofu kofiira ka pamutu pa tambala. Ntchito yake inabala Healon, amene anayamba kugulitsidwa mu 1980 kuti azithandiza pa maopaleshoni a maso, ndipo pambuyo pake inabalanso filler wotchedwa Hylaform. Koma amene anasintha msika ndi kampani ya Q-Med ya ku Uppsala m'dziko la Sweden, imene anayambitsa Bengt Ågerup. Mu 1996 inatulutsa Restylane, wopangidwa ndi HA wochokera ku mabakiteriya, ndipo FDA inamuvomereza mu December 2003. Juvéderm, wopangidwa ku France, anavomerezedwa mu 2006, Belotero wa ku Geneva mu 2011.

Lero pafupifupi HA yense wobaya amachokera m'mathanki akuluakulu a zitsulo mmene amaweta bakiteriya wotchedwa Streptococcus zooepidemicus, yemwe mwachilengedwe amapezeka mwa mahatchi. Kachilomboka kamadzikuta ndi HA pofuna kubisalira chitetezo cha nyama imene kalowa. M'fakitale amakadyetsa shuga, ndipo madzi a m'thankimo akananda amawasefa, kuwadutsitsa m'makala oyeretsera, kenako kuthiramo mowa waukali kuti HA apatuke. Akauma amakhala ufa kapena timaulusi toyera. Kampani ya Bloomage Biotech ya mumzinda wa Jinan ku China ndi imene imapanga wochuluka padziko lonse. Ufawu uli m'magulu: wa m'zakudya, wa m'mafuta odzola, ndi wa jakisoni. Ndi maso simungausiyanitse. Kusiyana kwake kuli pa zotsalira za bakiteriya, makamaka mapuloteni, zimene zachotsedwamo.

Kufunika kwa zimenezi kunaonekera msanga. Pa anthu amene anabayidwa Restylane mu 1999, malipoti anasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa 1,400 anatupa ndi kufiira chifukwa thupi linakana jeloyo. Kampaniyo itayamba kugwiritsa ntchito ufa wokhala ndi mapuloteni ochepa kwambiri, chiwerengero cha mu 2000 chinatsika kufika pa mmodzi mwa 5,000. Ulusi wa HA unali womwewo. Chinasintha ndi ukhondo wake basi.

Tsopano tifike pamtima pa ntchitoyi. Taganizirani mulu wa ulusi wa ukonde umene sunalukidwe. Mukauponya m'nyanja, mafunde amaumwaza ulusi umodziumodzi. Koma msodzi akaumanga mfundo apa ndi apo, umakhala chinthu chimodzi chogwirana, chotha kutambasuka n'kubwerera, ndipo kudula ulusi umodzi sikuuphwasula. Opanga filler amachita zomwezo ndi HA, ndipo chomangira mfundo chimene ambiri amagwiritsa ntchito ndi mankhwala otchedwa BDDE, omwe dzina lawo lonse ndi 1,4-butanediol diglycidyl ether. Hylaform ankamangidwa ndi mankhwala ena, divinyl sulfone, koma BDDE ndiye anafala.

Molekyu ya BDDE ndi yaifupi, ndipo nsonga zake zonse ziwiri zimatha kugwira ulusi wa HA. Kuti zigwire, amasungunula ufa uja m'madzi a sodium hydroxide, soda waukali uja amene ena amapangira sopo, n'kuthiramo BDDE woyezedwa bwino. Ambiri amafunditsa msanganizowo kufika cha m'ma digiri 50 kwa maola ochepa, ena amasankha kutentha kochepa koma nthawi yaitali. Pamenepa pali kale vuto, chifukwa soda ndi kutentha zimene zikuthandiza kumanga mfundozo zikudulanso ulusi womwewo. Akapitiriza muyezo, amapeza mfundo zambiri pa ulusi waufupiufupi.

BDDE aliyense wothiridwamo amathera m'njira imodzi mwa zitatu. Wina amagwira ulusi uwiri, ndiye mfundo yeniyeniyo. Wina amagwira ndi nsonga imodzi yokha, inayo n'kuphedwa ndi madzi, ndipo amangolendewera: wasintha HA koma sanalimbitse kanthu. Wachitatu sagwira paliponse. Ameneyu ndiye woopsa, chifukwa nsonga yosagwira kanthu ingathe kugwira mapuloteni kapena DNA ya munthu, ndipo poyesa m'labotale BDDE wotere wasonyeza kuti angathe kusokoneza majini. N'chifukwa chake jelo akagwirana amamuthira asidi kuti aphe ukali wa soda, kenako amamutsuka m'madzi a mchere ndi phosphate, kawirikawiri kwa masiku, mpaka BDDE wotsalira atatsika pansi pa magawo 2 pa 1,000,000. M'kasirinji kamodzi, zimenezo ndi zosakwana mamiligalamu 0.002. Kuti atsimikize, pamafunika makina a m'labotale otha kuona kachinthu kochepa chonchi. Gawo limeneli ndi lodya nthawi ndi ndalama, ndipo wogula sangalione. Fakitale yachinyengo ikafuna kuchepetsa mtengo, apa ndi posavuta kudumpha.

Nanga mfundo zikhale zingati? Apa makampani amasiyana maganizo. Q-Med inasankha zochepa kwambiri, pafupifupi imodzi pa timagawo 100 ta ulusi, podalira kuti ulusi wautali umakolana kale wokha ndipo umangofunika kuugwiriza. Ena amafika pa 6, 8, ngakhale 10. Mfundo zikachuluka, maso a ukonde amachepa, enzyme imavutika kulowa, jelo amalimba ndi kukhalitsa. Koma amayambanso kutalikirana ndi HA amene thupi limamudziwa, ndipo amavuta kusungunula tsiku limene pafunika kutero. Ine ndimakhulupirira kwambiri wopanga amene amafuna mfundo zochepa zogwira bwino kusiyana ndi amene amadzitama ndi kukhalitsa kokha.

Jelo wotsukidwa amatuluka ali chibuma chimodzi, chosatheka kudutsa pa singano. Amayenera kuphwanyidwa. A Restylane amamukankha pa sefa kuti tizidutswa tikhale tofanana kukula: Restylane wamba ali ndi tizidutswa pafupifupi 100,000 pa mililita, pomwe Perlane, amene lero amatchedwa Restylane Lyft, ali ndi pafupifupi 10,000 tokulirapo, toyenera kuikidwa mozama. A Juvéderm ndi a Belotero amamupera ndi kumusakaniza mpaka atasalala. Amalonda anapanga nkhani yaikulu pa kusiyana kumeneku, ena akumati jelo wawo alibe tizidutswa, koma pa maikulosikopu onse amaoneka kuti ali nato, kungoti tosiyana kukula ndi maonekedwe. Ambiri amathiramo HA pang'ono wopanda mfundo kuti jelo aterere podutsa pa singano yopyapyala ya 27G kapena 30G. Wotereretsayo amatha m'masiku ochepa. Choncho nambala ya mamiligalamu yolembedwa pakatoni siuza munthu kuchuluka kwa HA amene adzatsale pankhope pakatha mwezi.

Madokotala akamakambirana za ma filler, mawu amene amamveka kwambiri ndi G prime. Ndi muyezo wa mmene jelo amabwerera m'malo mwake akakankhidwa, ndipo umayambira pa mapasikali makumi ochepa mpaka mazana angapo. Wa G prime wamkulu amanyamula mnofu, ndiye amaikidwa pafupi ndi fupa la tsaya, la chibwano kapena la nsagwada. Wofewa amayenera pamilomo ndi m'makwinya aang'ono, pamene nkhope imayenda nthawi zonse munthu akamalankhula kapena kuseka. Koma nambala imodziyi anthu amaipatsa ulemu wopitirira. Malabotale amayeza mosiyana, moti manambala a makampani awiri sayerekezeka mwachindunji. Palinso kugwirana kwa jelo, kumene kumaonetsa ngati adzakhale pamodzi kapena adzamwazike m'mnofu. Palinso ludzu lake. Jelo amene sanakhute madzi m'fakitale amakamwa madzi a m'thupi akabayidwa, n'kufufuma. Patsaya zimenezi zingathandize, koma pansi pa diso, pamene khungu ndi lopyapyala, zimasiya munthu ali wotupa zikope kwa miyezi. Akaikidwanso pamwamba kwambiri, amaonekera ngati kamzere kobiriwira pansi pa khungu, makamaka kwa anthu oyera.

Cha m'ma 2010 zinafala zothiramo lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, pa mlingo wa mamiligalamu 3 pa mililita. Ngakhale zimenezi zili ndi ntchito yake, chifukwa lidocaine amawawasa jelo, ndiye amayenera kubwezeretsa pH, muyezo wa kuwawasako, pafupi ndi 7 ndi kuonetsetsa kuti mchere ukufanana ndi wa m'magazi. Zikapanda kutero, jakisoni amawotcha ndi kutupitsa.

Chomaliza ndi kupha majeremusi. Mankhwala ambiri amadzimadzi amangowadutsitsa pa sefa yosalola bakiteriya, koma jelo sangadutsepo. Cheza champhamvu chimene amaphera majeremusi pa zipangizo zina chimadula ulusi wa HA. Chotsala ndi nthunzi: masirinji odzaza kale amaikidwa mu autoclave pa madigiri 121 kwa mphindi pafupifupi 15, kapena kutentha koposa apo kwa nthawi yochepa. Nthunziyo nayonso imafewetsa jelo, motero wopanga amayenera kuyamba ndi wolimbirapo, akudziwa mmene adzafookere. Ndipo pali chinthu chimene nthunzi siichotsa. Mabakiteriya ena a m'madzi ndi m'mapaipi akafa amasiya poizoni wotchedwa endotoxin, amene sapsa pa kutentha kumeneku ndipo amayambitsa kutupa ndi kutentha thupi. Sirinji ikhoza kukhala yopanda kachilombo kamoyo ngakhale kamodzi koma ili ndi poizoniyu. Njira yokha ndi kumuletsa kulowa kuyambira pachiyambi, pogwiritsa ntchito madzi oyeretsedwa mwapadera ndi zipinda zosefedwa mpweya. Pa chifukwa chimenechi ndikunena mosabisa kuti ufa wa HA wogulidwa pa intaneti, kaya seramu wodzola, sizingasandutsidwe jakisoni m'khitchini, mu saluni kapena m'labotale wamba.

Makatoni ambiri amanena kuti filler amatha pa miyezi 6 mpaka 12, ndipo Juvéderm Voluma, amene anavomerezedwa mu 2013, mpaka zaka ziwiri. Manambalawa amanena za nthawi imene kusintha kumaonekera ndi maso. Zithunzi za MRI, monga zimene anafalitsa Mobin Master wa ku Australia, zasonyeza jelo adakali m'nkhope patapita zaka zambiri, nthawi zina atasuntha pamalo pamene anaikidwa. Izi n'zofunika kuti azidziwe munthu amene amauzidwa kuti azibwera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, chifukwa akhoza kumawonjezera pamwamba pa zimene sizinathe. Jelo wokhalitsayo nthawi zina amadzuka mochedwa. Pakatha miyezi, munthu akadwala chimfine kapena akachotsa dzino, pamalopo pamatupa kapena pamachita timibulu tolimba. Pa kafukufuku wa katemera wa Moderna mu 2020, anthu ochepa amene anali ndi ma filler anatupa nkhope kapena milomo, n'kuchira. Akatswiri akutsutsanabe za gwero lake. Ena amaloza zidutswa zifupizifupi za HA, zimene zimadziwika kuti zimadzutsa chitetezo cha m'thupi, ena amaloza mabakiteriya obisala pa jeloyo, ena zotsalira za m'fakitale.

Ngozi yaikulu kuposa zonse imachokera pa kulimba komwe kuja kumene opanga amakufuna. Singano ikalowa mumtsempha wa magazi, jelo amautseka. Khungu la pamalopo limayera, limapweteka, ndipo likapanda kuthandizidwa limafa n'kusiya chilonda. Mitsempha ya pakati pa nsidze, pamphuno ndi pamphumi imalumikizana ndi ya m'diso, choncho jelo wokankhidwa mwamphamvu angabwerere m'mbuyo mpaka kukatseka mtsempha wodyetsa diso. Katie Beleznay ndi anzake a ku Vancouver anasonkhanitsa mu 2015 malipoti a anthu 98 amene maso awo anawonongeka chifukwa cha zobaya zosiyanasiyana. Mu 2019 anawonjezera ena 48, ndipo mwa amenewa oposa 80 pa 100 alionse anabayidwa HA. Poyerekeza ndi mamiliyoni a majakisoni chaka chilichonse, ndi ochepa, koma ambiri mwa iwo sanaonenso bwino.

Apa ndi pamene hyaluronidase ija imabwereranso. Francesc Duran-Reynals anaona mphamvu yake mu 1928, ndipo lero imagulitsidwa ngati mankhwala, ina yochokera ku ziwalo zoberekera za nkhosa kapena ng'ombe zamphongo, ina yopangidwa m'labotale. Ikabayidwa msanga ndiponso yokwanira, imasungunula jelo n'kupulumutsa khungu, ngakhale kuti diso kawirikawiri silipulumuka. Ma filler a mitundu ina, monga a calcium hydroxylapatite kapena a PMMA, alibe chosungunulira chotere. Kwa ine, umenewu ndiwo ubwino waukulu wa HA, woposa zonse zimene otsatsa amatchula, ndipo wopanga amene amamanga mfundo zochuluka mpaka enzyme kumavutika akugulitsa ubwinowo kuti agule miyezi ingapo.

Ife a khungu lakuda tili ndi funso lathu. Kafukufuku woyamba ku America anali ndi anthu akuda ochepa, pamene zimadziwika kuti khungu lathu limachita msanga zipsera zotukuka ndi madontho akuda pamene lavulala. Mu 2009 Susan Taylor ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa anthu 150 a khungu lakuda ndi loderapo amene anabayidwa Restylane ndi Perlane. Palibe amene anachita chipsera chotukuka, koma ena anada pamalo obayidwa, makamaka pamene singano inalowa maulendo ambiri. Palinso china chofunika kwambiri: kuyera ndi kusintha kwa mtundu kumene kumachenjeza kuti mtsempha watsekeka sikuoneka msanga pakhungu lakuda. Wobayayo ayenera kukhala wozolowera khungu lotere, wosadalira maso okha koma womvetseranso ululu umene munthu akudandaula.

Malamulo sanayende limodzi ndi msikawu. Ku America ma filler ali m'gulu la zipangizo zachipatala zounikidwa mwamphamvu kwambiri, ndipo FDA sinavomereze filler aliyense wokulitsira matako kapena mabere. Q-Med yomwe inasiya kugulitsa Macrolane wa m'mabere mu 2012 chifukwa ankasokoneza zithunzi zofufuzira khansa. Mu October 2021 FDA inachenjeza za timakina topanda singano tokankha jelo ndi mphamvu ya mpweya, timene timagulitsidwa kwa aliyense pa intaneti. Ku England, kumene abale athu ambiri akukhala, lipoti la Bruce Keogh la mu 2013 linadandaula kuti wobayitsa filler sankatetezedwa kuposa wogula bolopeni kapena mswachi, ndipo lamulo loletsa kubaya ana osakwana zaka 18 linayamba kugwira ntchito pa 1 October 2021. Pamene malamulo ali ofooka, makatoni abodza okhala ndi mayina a makampani odziwika amalowa mosavuta.

Wofuna kubayitsa sangayeze BDDE kapena endotoxin, koma pali zimene angathe kuona. Katoni itsegulidwe iye akuona. Pakhale dzina la wopanga, tsiku lothera mphamvu ndi nambala ya gulu limene sirinjiyo inapangidwira, ndipo kapepala komata kokhala ndi nambalayo kaikidwe m'faelo yake, chifukwa ndi kamene kadzathandize dokotala wina ngati patupa pakatha chaka. Sirinji imodzi isagawidwe kwa anthu awiri. Wobayayo akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira achipatala m'dzikolo, wodziwa njira za mitsempha ya pankhope. Ndipo singano isanayandikire, afunsidwe ngati hyaluronidase ali nayo m'chipinda momwemo, mabotolo angati, ndiponso ngati lamulo limamulola kuibaya yekha popanda kudikira munthu wina.